Ana Obisa Mayina: Mafilimu a Chifalansa Amene Akudzaza Maholo pa Zikondwerero za Ayuda

Bellisha ali ndi zaka 27, koma moyo wake ndi wa mkulu wopuma pantchito. M'mawa amatuluka m'nyumba, nkukakhala pamalo omwera khofi, kuzungulira mumsika, kucheza ndi anyamata a m'dera. Madzulo amabwerera kwa amayi ake ndi nkhope ya munthu amene watopa ndi ntchito.

Ntchitoyo alibe.

Amayi akewo, a Giselle, satulukatuluka. Thupi silikuwalola, choncho zochitika kunja amazimva kwa mwana wawo, ndipo mwanayo amawauza zokhazo zimene zingawakhazike mtima pansi. Sitolo yomaliza ya zakudya za kosher, zomwe ndi zololedwa m'chipembedzo cha Chiyuda, yatsekedwa. Bellisha akukagula nkhuku ya halaal, nkudzaitula kunyumba osanena kumene yachokera.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sangathe kuwabisira. A Giselle azindikira kuti m'dera lonselo la nyumba zosanjikizana, kunja kwa mzinda wa Paris, Ayuda otsala ndi awiri okha: iwo ndi mwana wawo. Anzawo onse anasamuka. Nawonso akufuna kusamuka. Bellisha sakufuna, poti kuno nkwawo ndipo aliyense amamudziwa, choncho akuyamba bodza lina: akunamizira kuti ali kalikiliki kukonza za ulendo.

Iyi ndi Le Dernier des Juifs, kutanthauza Myuda womaliza, filimu ya Chifalansa yomwe inatuluka ku France pa 24 Januwale 2024. Anaitsogolera ndi Noé Debré, ndipo inali filimu yake yoyamba yaitali, ngakhale dzina lake linali lodziwika kale chifukwa analemba nawo Dheepan, filimu ya Jacques Audiard yomwe inapambana mphoto ya Palme d'Or ku Cannes mu 2015. Bellisha ndi Michael Zindel. A Giselle ndi Agnès Jaoui, katswiri wa zisudzo yemwe makolo ake ndi Ayuda ochokera ku Tunisia.

Itachoka m'maholo a ku France, filimuyi inatsata njira yomwe mafilimu ambiri a mtundu wake amayenda: inayamba kuzungulira m'zikondwerero za mafilimu a Chiyuda kunja kwa dzikolo, mawu omasulira m'Chingerezi atalembedwa m'munsi mwa kanema.

Zikondwererozi si zachilendo. Chakale kuposa zonse ndi cha ku San Francisco, chomwe Deborah Kaufman anayambitsa mu 1980. Cha ku New York chinayamba mu 1992 ndipo chimachitika mu Januwale, mogwirizana pakati pa Jewish Museum ndi Lincoln Center. Toronto inatsatira mu 1993. Ku Britain, Judy Ironside anayambitsa chake m'tauni ya Brighton mu 1997, ndipo lero chimafika ku London ndi mizinda ina mwezi wa Novembala. Cha ku Atlanta chinabadwa mu 2000 nkukula mpaka kukhala chimodzi mwa zikuluzikulu. Padziko lonse lapansi zapitirira 100.

Madzulo ake amayenda mofanana pafupifupi kulikonse. Pakhomo pamakhala achitetezo oyang'ana m'zikwama. Holo imadzaza msanga, ndipo mitu yambiri ndi ya imvi. Wina wa m'komiti amaima kutsogolo kuthokoza opereka ndalama, magetsi nkuzima. Filimu ikatha anthu sathamangira kukhomo. Pamakhala mafunso, nthawi zina kwa wotsogolera filimuyo, nthawi zina kwa mphunzitsi wa mbiri yakale, ndipo sipalephera munthu woimirira ngati akufunsa funso koma nkuyamba kufotokoza mbiri ya agogo ake. Pomaliza anthu amavotera filimu yomwe yawagwira mtima.

Wotsegula ndandanda wa zikondwererozi chaka ndi chaka amaona chinthu chimodzi chobwerezabwereza. Pambali pa mafilimu a ku Israel ndi a ku America, pamakhala filimu ya Chifalansa, ndipo kawirikawiri pakati pake pamakhala mwana kapena wachinyamata amene akukula.

Nchifukwa chiyani France?

Yankho loyamba ndi chiwerengero. Kupatula Israel ndi America, palibe dziko lokhala ndi Ayuda ambiri kuposa France: alipo pafupifupi 450,000. Lachiwiri ndi ndalama. Kuyambira 1946 dzikoli lili ndi bungwe la boma loona za mafilimu, CNC, ndipo pa tikiti iliyonse yogulidwa kukanema amadulapo kagawo kopitirira pang'ono 10 pa 100 iliyonse, komwe kamabwerera kwa opanga mafilimu. Ngakhale wolipira kuti aonere filimu ya ku Hollywood amakhala akuthandiza mnyamata wa ku Paris kujambula yake yoyamba. Nchifukwa chake France imatulutsa mafilimu oposa 200 pa chaka, kuphatikizapo ang'onoang'ono omwe kwina sakanapeza wowaikira ndalama.

Yankho lachitatu ndi lolemera, ndipo lili m'chaka cha 1944.

Pa 15 Januwale chaka chimenecho, apolisi a Chijeremani a Gestapo anafika pa sukulu yogonera ya Akatolika m'tauni ya Avon, pafupi ndi Fontainebleau. Mkulu wa sukuluyo, Bambo Jacques, wansembe wa chipani cha Akarimeli yemwe dzina lake lobadwa nalo linali Lucien Bunel, anali atabisa anyamata atatu a Chiyuda pakati pa ophunzira, aliyense ndi dzina longopeka. Hans-Helmut Michel ankatchedwa Jean Bonnet. Anzake anali Jacques-France Halpern ndi Maurice Schlosser. Wina anali atawatsina khutu Ajeremani.

Anyamata atatuwo anawakweza sitima ya pa 3 Febuluwale yopita ku Auschwitz, ndipo anaphedwa atangofika. Bambo Jacques anawapititsa kundende zingapo mpaka ku Mauthausen ndi Gusen, m'dziko la Austria. Asilikali a America atamasula ndendeyo anawapeza ali moyo koma atatheratu, ndipo anamwalira ku Linz pa 2 Juni 1945. Mu 1985 bungwe la Yad Vashem ku Yerusalemu linawalemba m'gulu la anthu a mitundu ina amene anaika moyo wawo pachiswe populumutsa Ayuda.

Mwa ana amene anaimirira pabwalo la sukulu m'mawa umenewo, kuonerera anzawo akutengedwa, munali mnyamata wa zaka 11 wa m'banja lolemera ndi malonda a shuga. Dzina lake Louis Malle.

Anadikira zaka zoposa 40.

Au revoir les enfants, kutanthauza tsalani bwino ana inu, inatuluka mu 1987. Malle anali atakhala zaka zingapo akugwira ntchito ku America, ndipo anabwerera kwawo kudzajambula filimuyi m'tauni ya Provins, m'nyengo yozizira, ndi ana awiri osadziwika: Gaspard Manesse ngati Julien Quentin, yemwe ndi chithunzi cha Malle mwiniwake, ndi Raphaël Fejtö ngati Jean Bonnet. Inapambana mphoto ya Golden Lion ku Venice, mphoto 7 za César kwawo, ndipo inasankhidwa kupikisana nawo m'magawo awiri a Oscar.

Mphamvu yake ili m'kusafulumira. Mbali yaikulu ya filimuyi ndi moyo wa pasukulu basi: kuzizira m'chipinda chogona, kumenyana, kusinthana jamu ndi ndudu, kuwerenga mabuku oletsedwa ndi tochi. Julien sakumukonda mlendoyu poyamba, chifukwa akumuposa pa masamu ndi pa piyano. Kenaka akuyamba kuona tinthu tina. Bonnet sadya nkhumba. Usiku wina akumupeza ataimirira pafupi ndi bedi, atayatsa makandulo, akupemphera chamumtima. Tsiku lina Julien akufufuza m'kabati ya mnzakeyo ndipo akupeza buku lolembedwa dzina lina lofufutidwa mwatheka: Kippelstein.

Julien sadziwa nkomwe kuti Myuda ndi munthu wotani. Akukafunsa mkulu wake.

Pali malo ena mufilimuyi ovuta kuwalandira. Amayi a Julien atengera anyamatawa kumalo odyera apamwamba. Akulowa asilikali awiri a Milice, gulu la Afalansa logwirizana ndi Ajeremani, nkuyamba kuzunza mkulu wina wachikulire wa Chiyuda yemwe wakhala akudya pamenepo kwa zaka zambiri. Amene akuthamangitsa a Milice aja ndi msilikali wa Chijeremani. Wozunza ndi Mfalansa. Ndipo wopereka ana aja kwa Gestapo si chilombo chochokera kutali ayi, koma Joseph, mnyamata wotsimphina wogwira ntchito kukhitchini, yemwe wachotsedwa ntchito chifukwa cha malonda ozembetsa pamene ana a anthu olemera omwe ankachita naye malondawo angodzudzulidwa chabe.

Joseph anachita kumupeka Malle. Anapekanso mphindi imene anthu saiiwala: mkulu wa Gestapo ali m'kalasi, watembenuka kuyang'ana mapu, ndipo Julien, mosaganiza, akucheukira Bonnet. Kucheuka kwa kamphindi chabe. Mkulu uja waona.

Chaka chimene filimuyi inatuluka nchofunika. Kuyambira Meyi mpaka Julayi 1987, khoti la ku Lyon linkazenga mlandu wa Klaus Barbie, mkulu wa Gestapo mumzindawo, ndipo umodzi mwa milandu yake unali wa ana 44 a Chiyuda amene anagwidwa panyumba yosungira ana ku Izieu pa 6 Epulo 1944. Dziko linali litayamba kumva zomwe linakhala likuzemba. Mwa Ayuda pafupifupi 330,000 amene anali ku France, 76,000 anatumizidwa kumisasa yophera anthu, ndipo mwa iwo 11,400 anali ana. Pa 16 ndi 17 Julayi 1942, amene anagogoda pamakomo mu Paris nkugwira anthu 13,152, mwa iwo ana 4,115, anali apolisi a France. Boma linavomera poyera udindo wake pa 16 Julayi 1995, kudzera m'mawu a pulezidenti Jacques Chirac. Malle anamwalira mu Novembala chaka chomwecho.

Koma chiwerengero chomwecho chili ndi mbali ina. Atatu mwa Ayuda anayi aliwonse a ku France anapulumuka, ndipo ana ambiri anapulumuka chifukwa anabisidwa: m'masukulu, m'nyumba za asisitere, kwa alimi akumidzi, m'manja mwa bungwe la OSE lomwe linkawazembetsa. Anawo anakula, ena nkulemba mabuku. Apa ndi pamene opanga mafilimu akhala akutunga.

Joseph Joffo, wometa tsitsi wa ku Paris, anatulutsa buku la ubwana wake, Un sac de billes, mu 1973. Kuyambira Juni 1942, Myuda aliyense wa zaka 6 kupita m'tsogolo m'chigawo cholamulidwa ndi Ajeremani ankayenera kusokerera nyenyezi yachikasu pachovala. Joseph anasinthanitsa yake ndi thumba la timipira tagalasi tosewerera ana. Makolo anamutumiza ndi mkulu wake Maurice, awiri okha, kuti athawire kummwera. Asananyamuke, bambo awo anamufunsa Joseph ngati ndi Myuda, nkumuwomba mbama, nkumufunsanso, kuti aone ngati angakane ngakhale akumva ululu. Ku Nice anyamatawa anagwidwa nkusungidwa mu Hotel Excelsior, likulu la Gestapo, ndipo anatuluka chifukwa wansembe wina anawapezera zikalata za ubatizo. Bambo awo anafera ku Auschwitz.

Bukuli lajambulidwa kawiri: Jacques Doillon mu 1975, ndi Christian Duguay wa ku Canada mu 2017, Patrick Bruel akusewera ngati bambo. Pakati pa ziwirizi, mwana wamkazi wa Doillon, Lola, anatulutsa Le Voyage de Fanny mu 2016, nkhani ya Fanny Ben-Ami, mtsikana yemwe anatsogolera gulu la ana anzake mpaka kuwoloka malire a Switzerland mu 1943. Mafilimu a 2016 ndi 2017 anayenda kwambiri m'zikondwerero za Chiyuda ku America.

M'Chiyuda, mnyamata amalowa m'gulu la akulu ali ndi zaka 13, pamwambo wa bar mitzvah, pamene amaimirira m'sunagoge nkuwerenga malemba pamaso pa anthu onse. Mafilimu awa ali ngati chinamwali chotembenuzidwa: m'malo momuuza mwana kuti ndiwe yani ndipo kwanu nkuti, akulu akumulangiza kuti aiwale dzina lake, akane mtundu wake, asalire pagulu. Wakhoza mwambowo ndi amene wanama bwino.

Si onse ofanana kulemera kwake, ndipo apa chilungamo chinenedwe. Filimu ya Duguay ndi yosalala mopitirira. Mapiri ndi okongola, dzuwa likuwala, nyimbo zikuuza woonera nthawi yolira. Mafilimu otere amadzaza holo chifukwa ana ake amapulumuka ndipo anthu amatuluka atapepukidwa. Okonza zikondwerero amadziwa zimenezi, ndipo ali ndi matikiti oti agulitse. Malle sanapereke chitonthozo chotero. Ana ake akutuluka pachitseko cha mpanda, ndipo sabwereranso.

Pali filimu ina yakale imene imasokoneza chithunzi chonsechi, ndipo nchifukwa chake ndi yoyenera kuitchula. Diabolo menthe ya Diane Kurys, ya mu 1977, ikunena za atsikana awiri apachibale a m'banja la Chiyuda ku Paris mu 1963: aphunzitsi ankhanza, makolo olekana, chibwenzi choyamba. Chiyuda chawo chimangotchulidwa mwa apo ndi apo. Palibe akuwathamangitsa. Inapambana mphoto ya Louis-Delluc, yomwe Malle anadzalandiranso patapita zaka 10.

Nanga Bellisha akuchokera kuti m'mbiri yonseyi? Si mdzukulu wa ana a ku Avon ayi. Ndi wa m'gulu lina, lomwe linasintha nkhope ya Chiyuda ku France.

Tunisia ndi Morocco atalandira ufulu mu 1956, ndi Algeria mu 1962, Ayuda a kumpoto kwa Africa anasamuka mwaunyinji. A ku Algeria anali nzika za France kuyambira 1870, choncho oposa 100,000 anangowoloka nyanja. Boma linali likumanga nyumba zosanjikizana kunja kwa Paris, ndipo ambiri anakafikira kumeneko, khomo ndi khomo ndi Asilamu ochokera kumayiko omwewo, odya zakudya zomwezo, omvera nyimbo zomwezo. Tauni ya Sarcelles, makilomita pafupifupi 15 kumpoto kwa Paris, inadzaza masunagoge ndi masitolo a kosher mpaka anthu anaitcha Yerusalemu wamng'ono.

Dzina limeneli ndi limene Karin Albou anapatsa filimu yake ya mu 2005, La Petite Jérusalem, yomwe inapata mphoto ya kalembedwe ku Cannes. Laura, wa zaka 18, amakhala m'nyumba yopanikizana ndi amayi ake ochokera ku Tunisia, mkulu wake Mathilde, mlamu wake ndi ana awo. Masana amaphunzira nzeru za Kant kuyunivesite, usiku amakolopa pasukulu ina, komwe akugwa m'chikondi ndi Djamel, Msilamu wothawa ku Algeria. Sunagoge akuwotchedwa. Mlamu wake akumenyedwa. Banja likuganiza zopita ku Israel, koma Laura akutsala.

Zimene Albou anajambula zinali chiyambi chabe. Pa 19 Malichi 2012, munthu wa mfuti anapha mphunzitsi ndi ana atatu pasukulu ya Chiyuda ku Toulouse. Mu Julayi 2014, nkhondo ya ku Gaza ili mkati, zionetsero za ku Sarcelles zinathera m'kuphwanya ndi kutentha masitolo a Ayuda. Pa 9 Januwale 2015, anthu anayi anaphedwa m'sitolo ya Hyper Cacher ku Paris. Chaka chimenecho Ayuda pafupifupi 8,000 anachoka ku France kupita ku Israel, chiwerengero chomwe chinali chisanaonekepo. Ena ambiri sanatuluke m'dziko, anangosamuka m'madera osauka ngati Seine-Saint-Denis kupita kumadera ena a Paris komwe amaona kuti ndi otetezeka.

Osamuka ndi amene ali ndi ndalama zosamukira. Otsala ndi okalamba, odwala ndi osauka.

Amenewa ndi a Giselle ndi mwana wawo, ndipo Debré anasankha kuwajambula mwanthabwala. Anachita bwino. Bellisha si ngwazi ndipo si munthu womvetsa chisoni. Ndi wabodza wokoma mtima, amene Chiheberi sachidziwa bwino, amene anzake a m'dera ndi Aluya ndi anthu akuda, amene ali pachibwenzi chobisa ndi mayi wina wokwatiwa wa Chiluya. Chidani chilipo, amachiona, ndipo amachibisa kwa amayi ake monga amabisira zina zonse. Koma filimuyi sikuvomera kuti dera lonse ndi adani. A Giselle okha amatha kudandaula za anansi awo m'mawa, masana nkumawadalira. Amene anakhalapo pakati pa anthu a zipembedzo zosiyana aizindikira nkhope imeneyi.

Nthawi inaipereka filimuyi m'manja ovuta. Inajambulidwa isanafike 7 Okutobala 2023, koma inatuluka patangopita miyezi itatu ndi theka chichitikireni chiwembu cha Hamas, nkhondo ya ku Gaza ili pachimake. Mu 2022 ku France kunalembedwa zochitika 436 za chidani kwa Ayuda. Mu 2023 zinafika 1,676, zambiri mwa izo m'miyezi itatu yomaliza. Nthabwala zolembedwa m'nyengo ina zinamveka m'nyengo ina, ndipo oonera kuzikondwerero anafika m'holo ali ndi funso la a Giselle m'mitu yawo, loti kodi tikhale kapena tinyamuke.

Debré sakuwayankhira. Chimene akuchita ndi kusintha chimene mwana wa mufilimu ayenera kuphunzira. Ana a Malle, a Joffo ndi a Lola Doillon ankakula pophunzira kunama kuti akhale ndi moyo. Bellisha wanama mokwanira, ndipo kukula kwake kukudikira tsiku limene sadzakhalanso ndi munthu womunamiza. Matenda a amayi ake akulifulumizitsa tsikulo, ndipo chakumapeto kuseka m'holo kumachepa.

Ili ndi zofooka zake. Nkhani imayenda mwa zidutswa, ndipo anthu ena amangodutsa osawadziwa bwino. Koma Zindel, ndi kayendedwe kake kaulesi ndi nkhope yosasonyeza ngati akuseka kapena ayi, amainyamula filimu yonse, ndipo Jaoui, yemwe mu Febuluwale 2024 analandira César yaulemu chifukwa cha ntchito yake ya zaka zambiri, sakupempha chisoni kwa woonera ngakhale pang'ono.

Zikondwererozi sizifunsa munthu chipembedzo chake pakhomo, ndipo zingapo, kuphatikizapo cha ku Britain, zimaonetsanso ena mwa mafilimu awo pa intaneti. Wofuna poyambira ayambe ndi ya Malle, yomwe ndi ya mphindi 104, kenaka aonere ya Albou, amalize ndi ya Debré. Ya Duguay ikhoza kudikira.